Jekete la Abambo Lafika ku Mtendere

Lachisanu, 31 Meyi 2024

Ndafika, abale. Ndikulemba nditakhala pa kampando m'khitchini mwa azakhali ku Mtendere, magetsi kulibe, batire la foni latsala pang'ono. Msuweni wanga akuti magetsiwo angabwere pakati pa usiku kapena mawa, chifukwa madzi ku Kariba achepa ndi chilala cha chaka chino. Ndiye ndisachulutse gaga m'diwa.

Basi inanyamuka ku Lilongwe kusanayere. M'chikwama munali thumba la mtedza wa chalimbana wochokera kumunda kwa amayi, ndi jekete lakuda la malemu abambo. Abambo anatisiya mu Febuluwale. Azakhali, mlongo wawo wamkulu, sanabwere kumaliro. Anthu tinawauza kuti ndi miyendo, ndipo miyendoyo imawavutadi, koma akuluakulu onse pasiwa paja ankadziwa kuti nkhani si miyendo yokha. Ku Lilongwe anabwerako kawiri ine ndili mnyamata. Kumudzi kwathu ku Mchinji sanapondeko chichokereni mu 1972. Ife tinakula tikungomva kuti "azakhali anu a Mboni aja anathawa nthawi ya makadi," nkhani n'kuthera pomwepo, wina n'kufunsa ngati mbuzi zalowa m'khola.

Pachipata cha Mwami sitinachedwe. Ndinapereka mpukutu wonenepa wa makwacha athu kwa mnyamata wosintha ndalama, iye n'kundibwezera timapepala towerengeka ta makwacha awo. Ndinawerenga kawiri, mtima osakhazikika, koma masamu ake anali olondola. Titadutsa Chipata ndi Katete ndinaona chikwangwani cholembedwa Sinda, mtima unagunda, pakuti dzina limeneli ndinalimvapo m'manong'onong'o a akuluakulu ndili mwana. Ndinajambula chithunzi pazenera. Ku Nyimba nthochi, pa mlatho wa Luangwa nsomba zouma ndi madengu, kenako mapiri okhotakhota aja omwe amayi wina pambali panga anawadutsa atatsinzina, milomo ikugwedera.

Tinalowa mu Lusaka dzuwa litalowa kale. Nditaona chikwangwani cha Manda Hill chikuwala, anthu akutuluka ndi mapepala a zogula, ndinaseka ndekha: kuno kumanda amapitako kukagula nsapato. Pa Intercity anyamata anandizinga, "Mudala, muyenda kuti?", wina atagwira kale chikwama. Anandilanditsa ndi msuweni wanga, yemwe anafuula pagulu ponse kuti, "Mwamuna wanga wabwela! Nenze nayamba kuganiza ati wanikana." Chisuweni sichiona malire a dziko.

Azakhali ndinawapeza atafunda bulangete pafupi ndi mbaula. Ndinagwada, tinapatsana moni wautali, tinalira pang'ono. Kenako ndinatulutsa jekete. Analiyala pamiyendo, analisisita kolala, analinunkhiza. Atapisa dzanja m'thumba anatulutsa kolona wa abambo, uja wamikanda yakuda wolumikiza ndi ulusi pamene anaduka. Ine ndinali nditaiwala kuti ali mmenemo. Anamuyang'ana, anamuika patebulo pambali pa shuga, osanena kanthu.

Loweruka, 1 Juni

Kuzizira kwa kuno ndi kwa mphepo youma yonyamula fumbi. Milomo yang'ambika tsiku limodzi.

Mwana wa msuweni wanga, mnyamata wa giredi 11, ndiye anali wondiperekeza m'tauni. Ku msika wa Soweto aliyense akudandaula mtengo wa ufa, monga kwathu. Nkhwani akuti chibwabwa, mbatata akuti kandolo, ndipo ukagula amakuikirako mbasela ukapempha mwaulemu. Tinaona chipilala cha munthu wodula maunyolo pa Independence Avenue, tinasuzumira ku Embassy Park kumene kunagonekedwa atsogoleri awo, a Kaunda ndi anzawo. Zimenezi mnyamatayo anazifotokoza mothamanga ngati akuyankha mayeso.

Kumene ine ndinkafuna ndi ku tchalitchi chachikulu cha Child Jesus, pa malo amene Papa John Paul II anachitirapo Misa mu 1989, ulendo womwewo umene anafikanso kwathu ku Malawi. Pamenepo panaikidwa Kadinala Adam Kozłowiecki, ndipo mbiri yake ndinaimva koyamba kwa wansembe wina wokalamba ndili ku sekondale. Anali wa ku Poland, wa chipani cha Ajezuwiti. Asilikali a Hitler anamugwira mu 1939, anamutsekera ku Auschwitz, kenako ku Dachau mpaka 1945. Ansembe anzake ambiri anafera mmenemo. Iye anatuluka wamoyo, ndipo chaka chotsatira, m'malo mokapuma, anabwera kuno, dzikoli likadali Northern Rhodesia, kudzagwira ntchito ku Kasisi. Mu 1959 anakhala arkiepiskopi woyamba wa Lusaka. Patatha zaka khumi anatula pansi udindo kuti mwana wa dziko lino atenge mpando, iye n'kubwerera kukakhala wansembe wamba kumamishoni akumudzi. Ukadinala unamupeza mu 1998, atakalamba kale, ndipo anamwalira mu 2007 ali ndi zaka 96.

Ndinaima pamenepo nthawi yaitali kuposa mmene mnyamata uja akanafunira. Chimene chinkandizungulira m'mutu n'chakuti tikamakamba za mazunzo timathamangira amene anaphedwa, chifukwa nkhani yawo ili ndi pothera. Nanga wopulumuka, amene amadzuka m'mawa uliwonse kwa zaka 60 ndi zimene anaonazo? Ameneyo tilibe tsiku lake pa kalendala.

Mnyamata anandikoka malaya: "Ba ankolo, tiyeni, ma basi yazavuta." Tinagula vitumbuwa panjira. Kolona akadali patebulo pomwe paja. Wina wasuntha shuga, koma iyeyo sanamukhudze.

Lamulungu, 2 Juni

M'mawa tinasiyana pageti. Azakhali, atavala diresi yosita bwino ndi chikwama cha mabuku, anakwera galimoto ya m'bale wawo wa mumpingo kupita ku Nyumba ya Ufumu. Ine ndinatsagana ndi amayi oyandikana nawo nyumba, a ku Katete, kupita ku Misa m'komboni momwemu. Linali tsiku la Thupi ndi Magazi a Ambuye, ndiye tinayenda mdipiti m'misewu yafumbi, ana aakazi akumwaza maluwa, oyendetsa minibasi akuimba mahutala kuti tipatuke. Kwaya yawo imasakaniza Chinyanja ndi Chibemba mosavutika. Ine wa besi wa ku Kawale ndinangogwira poyambira ndi pothera. Polengeza anati mawa Misa ya amaritiri a ku Uganda iyamba 6 koloko.

Madzulo magetsi anazimanso, tonse tinaunjikana pa mbaula tikukazinga mtedza uja. Kamdzukulu ka azakhali, kamtsikana ka zaka khumi, kanafunsa kuti, "Ba ankolo, dzina lanu ija Kizito ni ya Chichewa?" Ndinati ayi, n'la ku Uganda, ndipo mwini wake anali wamkulu pang'ono chabe kuposa iweyo. Basi ana anati tiuzeni.

Nkhaniyi ndaikamba kambirimbiri kwa ana a katekisimu, moti imatuluka yokha. Mfumu Mwanga ya ku Buganda inali yachinyamata, itangolowa ufumu mu 1884, ndipo inkaopa kuti alendo ndi chipembedzo chawo ailanda dziko. Mantha amenewo sanali opanda pake, tikaona zimene zinatsatira mu Africa monse. Mu Okutobala 1885 inalamula kuti Bishopu James Hannington wa Anglican aphedwe asanalowe m'dzikomo. Joseph Mukasa Balikuddembe, mkulu wa antchito a kunyumba yachifumu, anaidzudzula pamaso, ndipo pa 15 Novembala anamudula mutu n'kutentha thupi lake. Anyamata otumikira mfumu anatsala m'manja mwa Charles Lwanga, amene ankawateteza ku zilakolako za mfumuyo, pakuti inkafuna kugona nawo (apa ndinadumphapo chifukwa cha ana). Kumapeto kwa Meyi 1886 zinthu zitafika poipa, Lwanga anabatiza usiku anyamata angapo amene anali asanabatizidwe, mmodzi mwa iwo Kizito wa zaka 14. Kutacha mfumu inati onse opemphera aime mbali imodzi. Anaima. Anawamanga, anawayendetsa mpaka ku Namugongo, ndipo anakhala kumeneko pafupifupi sabata akuona nkhuni zawo zikuunjikidwa. Pa 3 Juni anawakulunga mmodzimmodzi m'mphasa za bango n'kuwasanja pamoto. Lwanga anamuotcha payekha, pang'onopang'ono, kuyambira kumapazi.

Ana anali chete, mtedza ukupserera. Ndinawonjeza ya Mbaga Tuzinde, imene ine imandigwira kwambiri. Mkulu wa opha anthu, Mukajanga, anali kholo lake. Anamuchonderera kuti angonena kuti wasiya kupemphera, amubisa. Mnyamata anakana. Ndiye Mukajanga analamula kuti amumenye chibonga pakhosi afe kaye, kuti moto usamupweteke, kenako mtembo n'kuuika pamodzi ndi anzake.

Azakhali, amene ndinkayesa akuwodzera, anafunsa ali chiweramire: "Ameneyo, wakupha uja, anagona tulo usiku umenewo?"

Ndinati mabuku sanena.

"Mabuku sanganene," anatero. Anadzuka movutikira, anatenga jekete lija, anakalowa kuchipinda. Msuweni wanga anandiyang'ana ndi diso lakuti waputa mavu.

Lolemba, 3 Juni

Lero ndilemba zambiri, mundikhululukire. Magetsi abwera ndipo tulo palibe.

Misa ya m'mawa inali ya anthu ochepa, amayi a zitenje za mpingo, abambo angapo opita kuntchito, tonse titakwinyira m'majuzi. Wansembe anavala zofiira. Kuwerenga koyamba kunali kwa m'buku lachiwiri la Amakabeo, mutu 7, za mayi ndi ana ake asanu ndi awiri amene anaphedwa mmodzimmodzi chifukwa chokana kuswa chilamulo, aliyense akuuza mfumu kuti Mwini dziko lonse adzawaukitsa. Pa ulaliki wansembe anakumbutsa kuti ophedwa pakati pa 1885 ndi 1887 amene timawatchula maina ndi Akatolika 22 ndi a Anglican 23, ndipo moto sunafunse kuti uyu ndi wa mpingo uti. Anati Papa Paul VI analengeza Akatolika 22 aja kukhala oyera pa 18 Okutobala 1964, kutatsala masiku asanu ndi limodzi kuti Zambia ilandire ufulu, choncho chaka chino zonse ziwiri zikukwanitsa zaka 60. Ine mumtima ndinawonjeza kuti ndi Malawi yemwe. Ndinakumbukiranso kuti ansembe a White Fathers amene anaphunzitsa anyamata aja ndi a gulu lomwelo limene linadzatsegula Mua mu 1902 ndi Kachebere kwathu ku Mchinji chaka chotsatira. Nkhani imeneyi inabwera kwathu pa msana wa anthu omwewo.

Kenako ananena chinthu chimene ndinachiphunzirapo kale koma sichinandilasepo ngati lero. Anati liwu lakuti maritiri n'lochokera ku Chigiriki, ndipo tanthauzo lake si wophedwa ayi. Tanthauzo lake ndi mboni. Anabwereza katatu, monga amachitira alaliki: mboni, mboni, mboni. Ine ndinangoona azakhali atafunda bulangete.

Nditabwerera ndinawapeza panja akuwothera dzuwa, akusankha nyemba m'lichero. Ndinakhala pansi pambali pawo. Pofuna poyambira ndinawaonetsa chithunzi cha chikwangwani cha Sinda. Anaseka mpaka kutsokomola. "Iwe mwana wa mlongo wanga, si Sinda ameneyu. Uyu ndi wa pamsewu. Kwathu kunali ku Sinda Misale, kumalire, kutchire." Anati kwathu. Ndiye anayamba, manja osaleka kusankha nyemba. Chichewa chawo n'chakale, cha kumudzi, zaka zonsezi Lusaka sanachisinthe.

Zina ndinkazidziwa kuchokera m'mbiri ya dziko. Boma la Kamuzu linaletsa mpingo wa Mboni za Yehova mu 1967, makamaka chifukwa chokana kugula makadi a chipani. Masiku amenewo popanda khadi sunkalowa mumsika, sunkakwera basi. Mu Seputembala 1972 msonkhano waukulu wa chipani unagamula kuti a Mboni achotsedwe ntchito ndi kupirikitsidwa m'midzi, ndipo anthu zikwizikwi anathawira ku Zambia. Chimene sindinkadziwa ndi mmene zinakhalira pabwalo la agogo anga.

Azakhali anali ndi zaka 15, abambo zaka zisanu, ndipo panali khanda lalimuna la miyezi isanu ndi itatu, limene ine mpaka lero sindinkadziwa kuti linabadwapo. Anyamata anabwera usiku akuimba. Ambiri anali a m'mudzi momwemo, ena anasewera nawo phada ndi chipako. Anafunsa makadi. Agogo aamuna anati msonkho timapereka, malamulo timamvera, koma khadi ayi. Anawamenya ndi mipini ya makasu mpaka anasiya kuyankha. Anayatsa nkhokwe, kenako denga.

"Ndipo pansi pa mtengo wa mango," anatero azakhali, "panaima amalume, atanyamula tochi."

Amalume awo amenewo ndi amene ife tinkawatcha agogo akatekisiti. Ndi amene analera abambo, kuwalipirira sukulu, kuwapezera mkazi. Ndi amene anandisankhira ine dzina laubatizo, ndipo nkhani ya ku Namugongo ndinaimva koyamba nditakhala pamwendo pawo. Analinso m'komiti ya chipani ya m'mudzimo.

"Sanamenye munthu. Ndisawanamizire, anapita. Koma sanaletse. Moto utakula anabwera, ananyamula bambo ako n'kuwaika kumsana, nauza amayi kuti, 'Achemwali, uyu ndisiyireni. Gulani khadi, ndi kapepala chabe.' Amayi anati, 'Ngati ndi kapepala chabe, bwanji mukutiphera?' Basi amalume anatembenuka ndi mwana, ife tinalowa kutchire."

Anayenda usiku uwiri, agogo aamuna akuchita kukokedwa. Ku Sinda Misale anapeza khamu la anthu m'misasa yaudzu. Mvula itayamba, madzi akumwa anaipa, ana anayamba kutsegula m'mimba. Khanda lija linadwala masiku anayi. Linafera kumsana kwa azakhali, iwo akuyesa lagona, mpaka mayi wina anawauza kuti mtsikana, tamutsitsa mwanayo. Bokosi kunalibe. Analikulunga m'chitenje ndi chidutswa cha mphasa. Tsiku limenelo anaika ana angapo, ndipo malowo sangawalozenso.

Apa ndinamvetsa chimene chinawadzutsa pa mbaula dzulo.

Mu Disembala chaka chomwecho anthu anawakweza m'malole kuwabwezera ku Malawi. Azakhali anatsala chifukwa banja lina la ku Chipata linawatenga kukalera ana. Makolo awo anabwerera, anathawiranso ku Mozambique, ndipo pambuyo pake agogo aamuna anakatsekeredwa ku Dzaleka, kuja lero kuli othawa kwawo ochokera m'maiko ena. Anatulukako ndi chifuwa chimene chinawatenga. Chiletso chinadzachotsedwa mu 1993, azakhali ali kale ndi ana anayi ku Lusaka.

Ndinafunsa chifukwa chake abambo sanatiuze. Anati, "Akanakuuzani chiyani? Kuti munthu amene anawapatsa nsima ndi yemwe anaunikira tochi? Khoswe akakhala pamkhate sapheka."

Ndinene maganizo anga, ndipo a kwaya anzanga musandikwiyire. Ife timanyadira kalata ya maepiskopi ya pa 8 Malichi 1992, ndipo m'pake, inatsegula pakamwa pa dziko lonse. Koma zaka 20 izo zisanachitike, anthu anali kale m'tchire chifukwa cha kapepala komweko, ndipo ambiri a ife tinkati akudziputira okha, ndi ouma mitu. N'zimenenso ankanena anthu a ku Buganda za anyamata aja. Chaka chilichonse pa 3 Juni ndimaimba mokweza za Mwanga, chifukwa Mwanga ndi wakutali, wachilankhulo china, ndipo sanandigulirepo yunifolomu. Sindikusintha mpingo, ndipo pali zambiri zimene ine ndi azakhali sitidzagwirizana. Buku la Amakabeo limene tawerenga m'mawa m'Baibulo lawo mulibe n'komwe. Koma mayi amene anayankha mlongo wake pamoto paja ndamuzindikira m'kuwerenga kuja, ndipo ndi agogo anga aakazi, amene ndimangowakumbuka ngati nkhalamba yachete yosapita nafe kutchalitchi.

Nyemba zija tadya madzulo ano. Zinalibe kamwala ngakhale kamodzi.

Lachiwiri, 4 Juni

Azakhali anati ndiwaperekeze ku manda akale a Leopards Hill, kumene kunagona amuna awo. Msuweni anapeza takisi. Pachipata anyamata onyamula makasu ndi zigubu za madzi anatithamangira kuti atilambulire manda, tinagwirizana ndi mmodzi. Manda ndi ambiri zedi, ena a miyala yonyezimira, ena kachitsulo kadzimbiri kokha, dzina litafufutika. Maluwa apulasitiki achita kuyera ndi dzuwa. Azakhali ankayenda ndi ndodo koma osasochera, akutchula mitengo ngati zizindikiro.

Mnyamata akupalira, iwo anakhala pa mwala wa manda oyandikana nawo, atapepesa kaye mwini wake mwanthabwala. Sanapemphere pamandapo, si mwambo wawo. Anangoyang'anira ntchito, "apo wasiya udzu, apo." Kenako anayamba kukamba za chiukiriro. Liwu lawo ndi limenelo. Ife timati kuuka kwa akufa, ndipo timalitchula Lamulungu lililonse kumapeto kwa Kumvera, mothamanga, maso ali kale pa nyimbo ya zopereka. Iwo amalikamba ngati munthu wokonzekera alendo. Anatchula Yohane 5, ndime 28 ndi 29. Anati amuna awo adzadzuka opanda shuga wawo uja. Anati khanda lija adzalipereka kwa amayi ake, koma choyamba adzalibereka okha kumsana, "ndimve likupuma, chifukwa ulendo watha uja sindinamve pamene linasiyira."

Ine m'maso munadzaza. Ndinayang'ana kumbali, kumene anthu ena ankaika maliro, nyimbo ya Chibemba ikumveka mwa apo ndi apo ndi mphepo.

Ndinalimba mtima n'kufunsa: nanga agogo akatekisiti?

Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana. "Machitidwe 24, ndime 15. Olungama ndi osalungama omwe. Adzauka amalume. Ndili nawo mafunso." Anakhala chete pang'ono. "Ndiponso ndidzawathokoza. Mwana amene anamunyamula uja ndi amene anakula. Amene tinamunyamula ife sanafike Khirisimasi."

Pobwerera m'takisi anafunsa za chiliza cha abambo. Ndinati tikuganiza zomanga chaka chamawa tikakolola, wolemba miyala tapangana naye kale ku Lilongwe. Anati pansi pa dzina la abambo tilembepo dzina la khandalo, ndi chaka, 1972. Ndinadabwa, pakuti iwo zazilizazi sazilabadira. Anati, "Yehova safuna mwala kuti amukumbukire. Koma inu anthu mumaiwala." Anandiuza dzinalo, ndinalilemba m'foni, iwo anati ndilembenso papepala chifukwa mafoni amagwa m'madzi.

Lachitatu, 5 Juni

Ndili m'basi, tadutsa Petauke. Netiweki ikubwera n'kupita.

Tinadzuka 3 koloko. Azakhali anatuluka atavala jekete lija pamwamba pa zovala zogonera, manja ake akulendewera. Anandipatsa botolo la munkoyo ndi kampango komanga mfundo. Nditamasula m'basi muno ndapeza kolona wa abambo. Pondipatsa anangoti, "Izi si zanga, koma zinali m'manja mwa mlongo wanga. Usataye." Msuweni anandiperekeza mpaka pa Intercity, akundiopseza kuti ndikachedwa kubweranso akwatiwa ndi wina.

Ndamufunsa kondakitala ngati akudziwa njira ya ku Sinda Misale. Akuti ndikatsike pa Chipata ndikafunse magalimoto opita ku Vubwi, koma msewu wake ndi wovuta, ndipo kumeneko ndikukafuna chiyani? Ndamuuza kuti kuli m'bale wanga. Lero sinditsika, tchuthi chatha, mawa ndili m'kalasi. Ndalemba m'kabuku kuti Ogasiti.

Wolemba miyala uja ndamutumizira uthenga kuti pakhala mzere wina wowonjezera. Wayankha msanga, akuti amawerengera pa chilembo chilichonse, ndimutumizire dzinalo aone mtengo. Amayi kumudzi sindinawauze. Ndikawauza pamaso, Loweruka, tikakhala pansi pa mango.